Magazi ndi ochepa koma akuti utoto wachuluka, zikutheka bwanji?

Admin ndibiseni dzina chonde.

Abale, ndithandizeni nzeru pa za amayi anga. Ali ndi zaka 61, amakhala kumudzi cha ku Santhe. Chikololereni chimanga akungodandaula kutopa, kupita pa mjigo pokha akubwerako ali wefuwefu. Mapazi akuti amachita dzanzi usiku, nthawi zina patapata amavuka iwo osamva. Chimene chinandiopsa ine ndi manja. Tikutong'ola chimanga pakhonde ndinaona mfundo za zala zada bii, mizere ya m'chikhatho nayonso yakuda ngati ajambula ndi khala. Ndinayesa phula la fodya, koma chaka chino sanalime n'komwe, ndipo sopo sakuchotsa. Lilime lawo lasalala, ndiwo ya tsabola akuikana, munthu woti kale kambuzi ankachita kutafuna.

Tinakayezetsa magazi pa chipatala china. Pa pepala alemba Hb 8.4, MCV 114, m'munsi mwake "macrocytic, hyperchromic". Mwana wanga wafufuza pa foni, akuti hyperchromic ndiye kuti utoto wochuluka. Apa mutu wanga waima. Magazi akuti ndi ochepa, nanga utoto wochulukawo wachokera kuti? Kodi ndi umenewo ukutulukira m'manjamu? Akumwa mapiritsi owonjezera magazi aja sabata yachitatu tsopano, chasintha n'chimbudzi chokha, chikuda.

Mayi wa awiri: Pepani mayi. Awiritsireni chidede kapena masamba a mapeyala, apongozi anga zinawathandiza.

Wa ku Kamwendo: Afunseni ngati sadzola mafuta oyeretsa khungu. Amenewo ndi amene amasiya mfundo za zala zakuda.

Mwini funso: Hahaha amayi anga mafuta oyeretsa? Amadziwa Vaseline basi.

Wogwira ntchito ku labu: Achemwali, mawuwa asakusokonezeni. Hb ndi muyeso wa utoto wofiira wa m'magazi. Hb yosakwana 12 kwa munthu wamkazi ndiye kuchepa magazi, ndipo 8.4 yatsika ndithu. MCV ikunena za kukula kwa maselo ofiira, imayenera kukhala pakati pa 80 ndi 100. Ya amayi ndi 114, kusonyeza kuti maselo awo ndi akuluakulu. Selo labwinobwino tikaliyang'ana pa makina oonera tizinthu ting'onoting'ono limakhala lotuwa pakati ngati mbale yolowa. Likakula n'kunenepa, kutuwa kuja sikuoneka, lonse limangofiira, ndiye timalemba hyperchromic. Ganizani za mandasi akuluakulu asanu m'beseni lolowa makumi awiri. Lililonse ndi lalikulu, koma beseni silinadzaze. Onaninso ngati pa pepalapo pali MCHC, muyeso wa kuchuluka kwa utoto m'maselo ofiira. Ikapyola 36 nkhani imakhala ina, mwina maselo obulungira amene amasweka msanga, mwinanso magazi anasokonekera mu botolo ndipo timatenganso ena.

Za m'manja ndi utoto wina, wa khungu, umene umatchedwa melanin. Sikuti magazi akutulukira pamenepo ayi. Koma maselo akuluakulu, mfundo zakuda, lilime losalala ndi dzanzi zikakumana pa munthu mmodzi, ife timayamba taganizira kuchepa kwa vitamini B12. Sindinawaone amayi, ndiye bwererani nawo kwa dokotala mukatchule zinayi zonsezi, makamaka dzanzilo. Mapiritsi a ayironi amadetsadi chimbudzi, musadandaule, koma sabwezeretsa B12. Folic acid, vitamini wina wowonjezera magazi, payekha akhoza kukweza Hb pamene mitsempha ikupitirira kuonongeka. Kwa okalamba vuto limakonda kukhala m'mimba, thupi kulephera kuyamwa vitaminiyu, n'chifukwa chake amabaya jakisoni.

Mlimi wa ku Chamama: Ine ndimayesa pelagra. Kuno anthu amadwala ikafika nthawi yodya nsima ya ufa woyera ndi masamba okhaokha.

Wogwira ntchito ku labu: Mwakumbutsa bwino achimwene, koma pelagra imagwira powomba dzuwa, kunja kwa manja, m'khosi ndi pamwamba pa mapazi, khungu n'kumakhakhala ngati lapsa, kawirikawiri pamodzi ndi kutsegula m'mimba. Siidetsa m'chikhatho chonchi. Achemwali, amayi amadya bwanji? B12 ali mu nyama, usipa, matemba, mazira ndi mkaka. Mu chidede, bonongwe kapena chisoso mulibe. Nanga pali mankhwala amene amamwa tsiku lililonse? Metformin wa shuga ukamwa zaka zambiri amatsitsa B12. Zidovudine, mmodzi mwa ma ARV, nayenso amakulitsa maselo ndi kudetsa zikhadabo, ndipo mowa wambiri umakulitsanso maselo.

Mwini funso: Mayo ine! Ali pa Metformin chaka chachisanu ndi chiwiri, ndipo tsiku lija sitinatchule chifukwa buku lawo lakale anaiwala kumudzi. Nkhuku ali nazo koma mazira amagulitsa kuti apeze ya sopo ndi mchere. Ndiwasiyitse kaye mankhwalawo?

Wogwira ntchito ku labu: Ayi, musawasiyitse, shuga angakwere. Tengani mabuku onse awiri, pepala la labu ndi botolo la mankhwalawo, musadikire tsiku la sikelo ya shuga.

Mwini funso: Zikomo kwambiri. Ndawaimbira achimwene awakweze kabaza mawa m'mamawa, tikakumana pa depoti.