Sola ya ngongole ya amayi kumudzi: ndigule kapena ndidikire magetsi?

Wa ku Chibavi: Abale ndithandizeni nzeru. Amayi ali kumudzi ku Mzimba ndi zidzukulu ziwiri, mmodzi akulemba mayeso a Sitandade 8. Usiku amadalira tochi ya mabatire, foni amakatchajitsa pa senta. Ndikufuna kuwatengera sola ija yolipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba, ya mababu atatu, wailesi ndi potchajira foni. Koma mapolo a MAREP, pulogalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, anafika kale pa senta yathu. Ndigule kapena ndidikire?

Amalume a ku Katoto: Kuchoka pa senta kufika kunyumba ndi mtunda wautali bwanji?

Wa ku Chibavi: Ola lathunthu wapansi, amalume.

Amalume a ku Katoto: Ndiye mwanayo adzamaliza Fomu 4 mukudikirabe. MAREP imayambira pa masenta, pamene pali sukulu, chipatala ndi zigayo, osati khomo ndi khomo. Ngakhale waya utayandikira, muyenera kuchititsa wayaring'i nyumba yonse ndi kulipira kuti akulumikizeni. Nanga ife tili nawo m'tauni ya Mzuzu muno tikusangalala? Magetsi athu ambiri amachokera pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mwaiwala mmene tinakhalira mumdima namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022? Gulani.

Mayi wa geni ku Zigwagwa: Ine ndikukana zangongolezo, achimwene. Tengani pepala muwonkhetse zomwe mudzalipira mpaka kumaliza, mudzaona kuti mwagula masola awiri. Ndiponso mukangochedwa kulipira kabokosi kamadzitseka, amayi ali mumdima dzuwa likuswa mtengo panja. Ndalama yathu mukuidziwa, Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, malipiro osakwera. Sungani miyezi ingapo, mukagule panelo, batire ndi mababu m'sitolo muno mu Mzuzu. Chanu ndi chanu.

Wamagetsi wa ku Luwinga: Amayi, pa masamuwo simukunama, yangongole imadula. Koma ntchito zambiri zomwe ndimaitanidwa kukakonza ndi za anthu amene anagula zidutswazidutswa. Munthu amagula panelo yolembedwa 100W, ukaiyeza sikufikako. Kenako amatenga batire ya galimoto n'kulumikiza mwachindunji popanda kontirola, kachipangizo koteteza batire kuti isadzaze kapena kukamidwa mopitirira. Batire ya galimoto inapangidwa kuti ilize injini kamodzi n'kudzazidwanso pompo, osati kukamidwa usiku wonse. Ngakhale batire ya sola yeniyeni yamtovu siifuna kutsika kupitirira theka. Tsono kumudzi ndani aziyang'anira zimenezo? Ana adzalumikizapo sipika yaikulu, miyezi ingapo batire yafa, ndipo batireyo ndiye chodula pa zonsezi.

Timasola tangongole tija totsekedwa kale timakhala ndi batire ya lithium ndi kontirola mkati momwemo, timadzizimitsa tokha moto ukachepa. Kwa agogo ndi ana, ine ndimasankha timeneto.

Mayi wa geni ku Zigwagwa: Nanga kakawonongeka? Inu muli ku Luwinga, amayiwo ali ku Mzimba.

Wamagetsi wa ku Luwinga: Ndi pomwe pagona nkhani. Asanasaine afunse kuti waranti ndi ya zaka zingati, ikuphatikiza batire kapena ayi, ejenti wapafupi ali kuti, ndipo mtengo wa pamwezi ungasinthe pakati pa ulendo kapena ayi. Zonsezo zilembedwe. Ejenti akamayankha mozungulira, msiyeni.

Mphunzitsi wa ku Ekwendeni: Ine ndiwonjezeko za nyengo. Kuno Juni ndi Julaye kumatha masiku chifunga ndi mvula yamawawa zili tsaa, panelo imadya pang'ono. Otsatsa sanena zimenezo. Koma pa ana ndikuchitira umboni, amene kwawo kuli getsi amabwera ntchito ya kunyumba atalemba. Enawo amati mabatire anatha.

Wamagetsi wa ku Luwinga: Aphunzitsi, chifunga sichizimitsiratu, chimangochepetsa. Tiwerengere limodzi. Mababu atatu a LED a 3W iliyonse kuyaka maola asanu ndi 45Wh, kutanthauza mawati kuchulukitsa ndi maola. Panelo ya 20W ikapeza dzuwa labwino maola anayi imapereka pafupifupi 80Wh, tisanachotsepo zotayika m'njira. Ndiye zikukwana, foni n'kutchajanso. Tsiku la mitambo muziyatsa awiri. Chimene anthu amalakwitsa ndi kayikidwe. Ife tili kummwera kwa equator, miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho panelo ipendekere kumpoto, kutali ndi mthunzi wa mango, ndipo izipukutidwa fumbi nthawi ya chilimwe.

Wa ku Chibavi: Nanga tsiku lina nditafuna kuwonjezerapo kahotipuleti kuti asamavutike ndi nkhuni?

Wamagetsi wa ku Luwinga: Iyayi achimwene, chotsani maganizo amenewo. Hotipuleti ndi simbi zimadya cha m'ma 1000W. Kasola aka ndi ka kuwala, wailesi ndi foni basi.

Mlongo wa ku Mchengautuwa: Ndimadikira kuti wina atchule nkhuni. Inu abambo mwakangana za mababu, koma chimene chimathyola msana amayi ndi mtolo wa nkhuni ndi utsi wa pamafuwa. Onani mmene nkhalango ya Kaning'ina ikuthera ndi makala obwera m'tauni muno panjinga. Chitetezo mbaula ndi yadothi, amaumba amayi anzathu m'magulu, mtengo wake sufika n'komwe pa malipiro a sola a miyezi iwiri, ndipo imapsereza nsima ndi tinkhuni tochepa, ngakhale zitsononkho ndi mapesi a nandolo. Ngati ndalama ili yochepa, ine ndingayambire pamenepo.

Amalume a ku Katoto: Mbaula siwerengetsa mwana usiku, achemwali.

Mlongo wa ku Mchengautuwa: Babu siliphika nyemba, amalume.

Wa ku Chibavi: Yewo nonse. Mbaula ndigula sabata ino, palibe chokambirana. Solanso nditenga kakang'ono kopanda TV, koma ndiyamba ndafunsa mtengo wa kashi, mwina ine ndi mng'ono wanga wa ku Johannesburg tingasonkherane n'kuthana nazo kamodzi.

Mayi wa geni ku Zigwagwa: Mukatenga yangongole, ndalamayo muzilipira nokha kuchokera pafoni panu. Mukamaitumiza kumudzi idzapita ku feteleza, ndipo simudzawadzudzula.