Ana a Giredi 2 akuiwala kuwerenga, tiwafikire bwanji?

Zokambirana za aphunzitsi a m'makomboni a Lusaka, ku Zambia, mu July 2020.

Mphunzitsi wa Giredi 2, Kanyama:
Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Chitsekereni masukulu pa 20 March chifukwa cha mliri wa COVID-19, ana anga sindinawaonenso m'kalasi, ndipo lero tili mu July. A Giredi 7 anabwerera pa 1 June chifukwa cha mayeso, koma ang'onoang'onowa adakali panyumba. Ndinatsegula gulu la WhatsApp la makolo, oyankha ndi omwewomwewo, ochepa. Dzulo ndakumana ndi mtsikana wina wa m'kalasi mwanga akugulitsa zitumbuwa panjira. Mu February ankawerenga ziganizo, dzulo "mba" ndi "nda" wasokoneza.

Mphunzitsi wa Giredi 3, Chawama:
Madamu, auzeni aziona maphunziro a pa ZNBC TV4.

Wa Giredi 2, Kanyama:
Ndinawauza kale. Ambiri alibe TV, ndipo amene ali nayo magetsi amazima nthawi yomwe ya phunzirolo. Madzi ku damu la magetsi la Kariba anatsika, mukudziwa nokha mmene tikukhalira m'komboni.

Mphunzitsi wa Giredi 1, Mtendere:
Bwanji osawaitana pang'onopang'ono pakhonde panu, atavala mamasiki?

Mphunzitsi wamkulu, Matero:
Ayi mwanawe, zimenezo musayese. Boma silinatsegule makalasi amenewo. Mwana mmodzi akangoyamba kutsokomola, mlandu ukhala wanu nokha, ndipo ine ngati hedi sindingakuimireni. Njira ilipo ina. A Giredi 7 amabwera kusukulu, ndipo ambiri ali ndi ang'ono awo m'makalasi apansi. Tengani rejisitala, muone mwana aliyense amakhala nyumba imodzi kapena mpanda umodzi ndi ndani. Kwathu timapatsira mkulu wake pepala limodzi la ntchito ya mwanayo Lolemba, iye amabweza Lachisanu.

Wa Giredi 2, Kanyama:
Zikomo bambo. Koma papepalapo ndilembe chiyani? Silabasi yatsalira kutali.

Mphunzitsi wopuma pantchito, Garden:
Silabasi iiwaleni kaye, mwana wanga. Mwana amene wataya maphatikizo simungamupatse nkhani yaitali. Bwererani ku ba be bi bo bu, kenako mba, nda, nga, kenako mawu a zinthu zimene akuziona m'nyumba: mbale, ndowa, nsima, mbaula. Lembani m'Chinyanja chimene amaphunziramo, ndi zilembo zazikulu bwino. Kumapeto chiganizo chimodzi chokha choti awerengere agogo ake mokweza. Masamu safuna pepala. Atole zitsekerero za mabotolo, aziunjika khumikhumi. Uja wa zitumbuwa akudziwa kale kubweza chenji, muyambire pomwepo.
Komanso mwana wa Giredi 7 ali ndi mayeso ake. Musamusandutse mphunzitsi. Mphindi 15 madzulo zakwana.

Wa Giredi 3, Chawama:
Nanga opanda akulu awo?

Wa Giredi 1, Mtendere:
Ife mapepala otsala timasiya pakantemba ka mayi wina wa mu PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi), makolo amatenga pogula sopo. Enawo ndimawaimbira foni wamba, osati ya intaneti, usiku makolo atabwera kumsika.

Mlangizi wa ana, Kalingalinga:
Poimbapo musayambe ndi homuweki. Pemphani kulankhula ndi mwanayo, mumufunse wadya chiyani lero, amasewera ndi ndani, masana amatsala ndi ndani. Makolo ambiri ntchito zinaima, m'nyumba muli mkwiyo, ndipo mwana amene ankathawira kusukulu alibe kothawira. Akamayankha mwamantha, kapena pepala lake likasiya kubwera, pitani mukamuone mutaima pabwalo. Mukaona zipsera kapena zina zokayikitsa, uzani ahedi, ndipo imbani 116, nambala ya Childline. Ndi yaulere. Ilembeni pansi pa pepala lililonse, ana aakulu aja aiwonenso.

Wa Giredi 2, Kanyama:
Ndamva amayi. Vuto latsala ndi kusindikiza. Makina a pasukulu pathu inki inatha, ndipo kulembera pamanja kalasi yonse ija, dzanja lingathyoke.

Mphunzitsi wamkulu, Matero:
Lembani limodzi pamanja, mulijambule, munditumizire pofika Lachinayi. Kwathu inki ikadalipo, mapepala ndiye mubwere nawo. Gawani tsamba pakati kuti limodzi likwanire ana awiri.