Za munda wa agogo ndi chigamulo chija

Malume aakulu: Abale, ndikubwereza zimene ndinanena Lamlungu. Majisitireti amene anapereka munda wa amayi athu kwa anthu obwera dzulodzuloli timusumire, ndipo chipukuta misozi chichokere m'thumba mwake.

Mdzukulu wa ku Zomba: Malume, ndafunsa loya lero m'mawa. Malamulo a makhoti amateteza woweruza pa chilichonse chimene wachita pogwira ntchito yoweruza, malinga ngati ankakhulupirira moona mtima kuti ali ndi mphamvu yomva mlanduwo, kotero ngakhale atalakwitsa chigamulo sitingamusumire iye mwini. Njira yathu ndi kuchita apilo kubwalo lalikulu, ndipo masiku ochitira apilo ndi owerengeka.

Azakhali a ku Mchinji: Apiloyo ikufuna ndalama, ana inu. Tinagwirizana K30,000 khomo lililonse, koma pa makomo asanu ndi anayi atumiza ndi anayi okha. Mayina sinditchula, pakuti ndi omwe aja amene tinawadikira pa chiliza cha agogo.

Achimwene a ku Johannesburg: Ine ndinatumiza Lachiwiri, azakhali, onani pa Mpamba. Ngati woweruza sasumiridwa, bwanji osasumira boma limene linamulemba ntchito?

Mdzukulu wa ku Zomba: Boma limasumiridwa kudzera kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma, achimwene, ndipo munthu amayamba wapereka kalata yodziwitsa n'kudikira miyezi itatu. Koma loya wati chigamulo cholakwika chimakonzedwa ndi khoti lapamwamba, osati ndi mlandu wofuna chipukuta misozi, ndipo pamene tikudikira miyezi imeneyo anthu aja adzakhala atadzala kale.

Malume aakulu: Ndiye kuti munthu ameneyu ali pamwamba pa lamulo? Ine ndikuti timusumire.

Mlamu: Sali pamwamba pa lamulo ayi, malume. Za khalidwe la oweruza zimapita ku Judicial Service Commission, ndipo ngati pali umboni wa ziphuphu, nkhaniyo ndi ya ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu. Ngakhale majaji a bwalo lalikulu angathe kuchotsedwa, paja mu 2001 aphungu anavota kuti majaji atatu achotsedwe, ngakhale kuti nkhaniyo inadzudzulidwa kwambiri. Koma kodi umboni tili nawo, kapena ndi zimene tinamva pamaliro?

Achemwali a ku Area 25: Ine chikundivuta ndi chinangwa chimene amayi anadzala kumunsi kwa mundawo. Kodi tikakumbe, kapena tidzaoneka ngati tikunyoza khoti?

Azakhali a ku Mchinji: Musakhudze kanthu mpaka loya atiuze. Tibwerere ku ndalama. Ang'ono athu a ku Mzuzu akuwerenga mauthenga onsewa, koma chiyambire mwezi uno sanayankhepo.

Malume aakulu: Ine yanga ndipereka tsiku limene mudzavomere kuti munthuyu asumiridwe.

Mdzukulu wa ku Zomba: Malume, ululu wanu ndikuumva, pakuti munda umenewu munaulima ndi manja anu. Koma tikasumira woweruza, mlanduwo udzathetsedwa usanafike n'komwe pa nkhani ya munda, ndipo tingadzauzidwe kulipira ndalama zimene mbali inayo yawononga. Ndalama zikapanda kukwana pofika Lachisanu, ndipita ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osowa ndalama zolipira loya, kukafunsa ngati amayi angathandizidwe. Amene akusunga kalata ya amfumu ndi pepala la chigamulo anditumizire zithunzi zake usiku uno.

Azakhali a ku Mchinji: Kalata ya amfumuyo ili ndi a ku Mzuzu omwewo. Wina awaimbire foni.