Besi yobwereka paulendo: chonyamula ndi choyang'ana

Wa ku Leeds: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali zoimba zotsatizana ku London, Berlin ndi Wuppertal, usiku uliwonse woimba naye wina, popanda kuyeserera. Kukweza besi yaikulu (double bass) pandege n'kodula, ndiye okonza akuti adzabwereka komweko. Koma kuimba kwake n'kwa uta, ma harmonic (mawu opyapyala otuluka pokhudza waya pang'ono chabe), ndi timitengo tolowetsa pakati pa mawaya. Ndinyamule chiyani?

Uta wa Chijeremani: Uta wanu ndi rosin wanu (utomoni wopaka pa uta), zimenezo musakambirane ndi munthu. Pickup ya Realist (kachipangizo kotola mawu a besi kupita ku ampu) isiyeni kunyumba. Imakhala pansi pa phazi la bridge (kathabwa konyamula mawaya), ndiye kuti muiike muyenera kumasula mawaya, ndipo mukamasula onse soundpost (kamzati ka m'kati mwa besi) ikhoza kugwa. Besi ya eni ake, madzulo, mmisiri mumupeza kuti? Tengani maikolofoni yomangirira pa mawaya kunsi kwa bridge, ngati DPA 4099. Imafuna magetsi a phantom a 48V ochokera ku mikisa, auzeni a mikisa msanga.

Amayi a Arco: Achimwene, funsani zinthu zitatu musananyamuke. Kutalika kwa waya, chifukwa mabesi ambiri a saizi ya 3/4 amakhala pa 104 mpaka 106 cm. Khosi lake ndi la D kapena la E flat (noti yomwe mumapeza pa waya wa G dzanja likafika pothera khosi), poti likasiyana dzanja limasochera pokwera ku thumb position, komwe chala chachikulu chimakanikizanso waya. Komanso mawaya ake: besi ya wophunzira classical mwina ili pa solo tuning, kachunidwe kokwera ka F sharp, B, E, A. Ikakhala ndi mawaya a Spirocore atsopano, uta umakanda. Chepetsani rosin, kokani pang'onopang'ono pafupi ndi bridge.

Mawaya Anayi: Za maikolofoni yokha ndikukanako. Mukakumana ndi wa ng'oma wamphamvu m'chipinda chaching'ono ngati Cafe Oto ya ku London, imatola ng'oma zake kuposa inu, kenako feedback, kulira kwa sipika. Onjezani pickup ya Underwood, yolowa m'mipata ya m'mbali mwa bridge osamasula kanthu. Mipatayo imasiyana, choncho nyamulani tizidutswa ta bango la sakisofoni totsekera ikakhwepa. Pickup ya piezo ngati imeneyi imafuna preamp (kabokosi ka pakati pa pickup ndi ampu) ya 1 megaohm kapena kuposa, apo ayi uta umamveka ngati njuchi m'chitini. E yapansi ili pa 41 Hz, ndiye dulani zonse za kunsi kwa 35. Feedback ikayamba, sinthani batani la phase kaye musanakhudze EQ (zosinthira mawu okwera ndi otsika), ampu muichotse kumbuyo kwa besi.

Uta wa Chijeremani: Zoona, atenge zonse ziwiri. Za timitengo zija: Barry Guy, woimba besi wa ku England, amachita zimenezo pa besi yake, osati ya mnzake. Kamtengo kakhale chakumapeto kwa fingerboard (thabwa lokanikizirapo mawaya), patali ndi bridge, chifukwa mukakamenya kamakankha bridge cham'mbali. Jambulani bridge pafoni musanayambe: mapazi alunjike timikwasa ta m'kati mwa ma f-hole (zibowo zooneka ngati f pamimba pa besi), mbali yoyang'ana ku tailpiece (chomangirako mawaya kumunsi) iime chilili. Mukamaliza yerekezani. Zopanira zachitsulo zimadya waya, gwiritsani zamatabwa zoyanikira zovala.

Wa ku Leeds: Nanga mawaya anga ndisinthe pamenepo?

Amayi a Arco: Mwini akalola, ndipo waya mmodzi pa nthawi, besi itagona chagada. Atengeni ogwirapo kale ntchito. Atsopano amatamuka usiku wonse.