Thandizo: maukwati a maofesala a Reserve ku America ndi anthu wamba a digiri

Moni nonse. Ndikufuna kuyerekeza chiwerengero cha omwe ali pabanja, omwe banja linatha ndi omwe sanalowepo m'banja, pakati pa maofesala a Selected Reserve (gulu la asilikali apadera omwe amachita maphunziro a usilikali nthawi ndi nthawi ndipo amaitanidwa kuntchito pakafunika) ku America ndi anthu wamba a digiri yoyamba. Lipoti la pachaka la Demographics Profile of the Military Community lili ndi ziwerengero za maofesala, koma ndalephera kuzigawa potengera zaka zobadwa. Popanda zimenezo kuyerekezako n'kosokeretsa, chifukwa msinkhu pawokha umasintha kwambiri chiwerengero cha apabanja. Ndayesanso ACS (American Community Survey, kafukufuku wa boma wa anthu a ku America) kudzera pa IPUMS (nkhokwe ya pa intaneti ya ziwerengero za kalembera ndi kafukufuku): maphunziro ndi za ukwati zilimo, koma sisiyanitsa ofesala wa Reserve ndi msilikali wamba. Alipo amene anapemphapo matebulo otere ku DMDC (Defense Manpower Data Center, ofesi yosunga ziwerengero za asilikali a ku America)? Pempho lake limalembedwa bwanji?