Kuphunzira kuuluka ndi paramotor: ndiyambire pati?

Kamtambo: Abale, ndikufuna kuphunzira paramotor (injini ya propela yobereka kumsana, youlukira ndi phiko lansalu longa parachuti) koma sindinagwirepo ngakhale chingwe cha phiko. Ndigule kaye zipangizo kapena ndipeze kaye mphunzitsi?

Chiwombankhanga: Mphunzitsi kaye, achimwene. Kukula kwa phiko kumatengera kulemera kwanu pamodzi ndi injini ndi mafuta, ndiye mukagula nokha mutha kuphonya. Woyamba kumene amafunika phiko la gulu la EN-A, gulu la mapiko osavuta kuwongolera. Masiku oyambirira injini simuikhudza n'komwe. Mumakhala pabwalo kudzutsa phiko, kuliimika pamwamba pa mutu, kuliwongolera ndi zingwe za mabuleki mpaka manja azolowere. Zimatopetsa, koma luso lagona pamenepo. 

Makaniko: Injini zambiri, monga Vittorazi Moster 185, ndi za two-stroke: mumathira oyilo wa mamililita 20 mpaka 25 pa lita imodzi ya petulo, malinga ndi buku lake. Ndi mafuta omwe, katunduyo amalemera makilogalamu 25 mpaka 35. Musalize injini ili pansi. Chingwe cha throttle (chowonjezera mphamvu ya injini) chikakakamira, injini imakulumphirani ndipo propela imadula zala. Iberekeni kaye, mumange malamba, kenako muilize.

Namzeze: Ulukani m'mamawa kapena dzuwa likapendeka, mphepo isanapitirire makilomita 15 pa ola. Masana nthaka ikatentha mpweya umakwera mwachipwirikiti, phiko limatha kupindika. Ponyamuka yang'anani kumene mphepo ikuchokera, thamangani chilili osawerama, chifukwa mukawerama injini imakukankhirani pansi. Musathamangire kukhala pampando, miyendo izipalasabe mpaka mutakwera ndithu. Malo okwera ngati Lilongwe mpweya ndi wopepuka, mtunda wothamanga umatalikirapo.