Ndalama ya makochi a ana yafika

Mlembi: Akuluakulu mwaswera bwanji. Achimwene athu aku Joni atumiza R5,000 pa Mukuru, akuti tiphunzitsire makochi a timu ya anyamata ndi ya netibo kasamalidwe ka ana. Chifukwa chake mukuchidziwa kale. Tigwirizane tsiku.

Bambo a Chisomo (Joni): Zikomo a mlembi. Chandiwawa ine ndi mwana wa mlongo wanga uja, mpira wasiya. Anyamata akuluakulu amamulanda nsapato nkumamutuma ku mjigo, akaphonya mpira kochi kumugwaditsa pa miyala dzuwa lili pa liwombo anzake akuseka. Mwana wa zaka 12 ameneyo.

Malume a ku Area 25: Tisanathamange. Ndalamayi ikhala mmanja mwa ndani? Chifukwa matumba a simenti ya mlatho aja mpaka lero sitinaone lisiti, ma jezi tinasonkha abwino kunabwera a kaunjika olembedwa dzina la kampani ya mowa kumsana, ine ndikafunsa akuti malume mumalongolola. Lero mwabwera ndi wekishopu, mawa timva kuti yathera ma alawansi ndi Fanta.

Msungichuma: Malume za simenti ndinafotokoza pa msonkhano, inu simunabwere.

Malume a ku Area 25: Ndinali ku maliro ndipo mukudziwa

Mayi a Tadala: Abale tiyeni tikambe za ana. Ine yanga ndi ya atsikana. Akapita kukasewera kutali amabwerera usiku pa lole, wamkulu ndi kochi yekha, mzimayi palibe olo mmodzi. Wanga anandiuza kuti mnzake wina amaitanidwa kunyumba kwa kochi akuti akatenge ma bibu ovala posewera, yekhayekha, ndipo amene wakana samuika mu timu. Sindikuti wachita kanthu ayi koma zimenezo nzabwino?

Malume a ku Area 25: Mayi samalani, munthu uja amaphunzitsa ana ulere palibe amamulipira, mumuipitsira mbiri. Ndipo za kugwada pa miyala, ife aphunzitsi amatikwapula ndi nthambi ya bulugamu, tinafa? Ana a masiku ano ngolema.

Aphunzitsi opuma: Malume, ndinagwira choko zaka zambiri ndipo ndinakwapulanso, sindinyadira. Amene tinafa ayi ndife tikulemba pano, amene anathawa sukulu chifukwa cha ndodo sali mu gulu lino. Malamulo anasintha. Pali lamulo loteteza ana la 2010, ndipo 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana ndi aliyense osakwana zaka 18, ndiye atsikana a netibo aja onse ndi ana olo atatalika bwanji. Za mpira nazonso, FIFA inakhazikitsa ndondomeko yotchedwa FIFA Guardians mu 2019, chaka chomwecho anamuletsa kuchita za mpira moyo wake wonse mkulu wa mpira ku Afghanistan chifukwa chogwiririra atsikana a timu ya dziko. Ngati zinachitika kumtunda kumeneko nanji pa bwalo lathu lopanda mpanda.

Bambo a Chisomo (Joni): Ndendende aphunzitsi

Aphunzitsi opuma: Koma kuphunzitsa kochi kokha sikukwanira. Munthu wa mtima woipa setifiketi amalandira bwinobwino nkujambulitsa nayo. Chofunika ndi malamulo a timu olembedwa, makolo asaine. Kochi asakhale ndi mwana awiriwiri, katundu wa timu azikhala kwa a komiti osati kuchipinda kwake, ulendo uliwonse pakhale mayi mmodzi kapena awiri, asamaimbire ana foni usiku. Ndipo pakhale munthu wina, osati kochi, amene mwana angakamuuze zinthu osaopa kuchotsedwa mu timu. Nambala ya 116 ija ndi yaulere, tiilembe pa khoma.

Malume a ku Area 25: Ndiye R5,000 ya chani ngati mwaphunzitsa kale pa foni pompano kkkk. Tigule mipira basi. Ana akusewera chikulunga cha majumbo inu muli busy ndi FIFA.

Mayi a Tadala: Mpira wachikopa ungamuteteze mwana wanga pa lole usiku?

Msungichuma: Tikhoza kuitana a Victim Support ku polisi ndi a ofesi ya Social Welfare kuboma, iwowa timangowapatsa thiransipoti ndi chakudya. Yotsala tigule mipira iwiri.

Malume a ku Area 25: Yotsala! Mawu amenewo ndi omwe tinamva pa simenti. Ndipo apolisi mukawabweretsa pa bwalo anthu aziti kochi wamangidwa, mwana wa mwini wake. Komanso a mfumu mwawauza? Bwalolo ndi malo awo, musaiwale zija za chigayo anatikaniza chifukwa tinawadumpha.

Mlembi: Za chigayo sanakane a mfumu, anakana ndi mlamu wanu

Malume a ku Area 25: Mlamu wanga asalowe muno chonde, alibe foni yoti adziyankhire

Anganga a Mphatso: Inetu ndikumva phokoso lokhalokha. Kochi wa anyamatayo ndi mdzukulu wanga, ndamulera ndekha, ngati akulakwa bwerani mundiuze kunyumba osati kumuimba mu ma foni.

Bambo a Chisomo (Joni): Agogo pepani, palibe akumuthamangitsa. Nayenso anaphunzira mpira momenyedwa, palibe anamuonetsa njira ina, nchifukwa ndatumiza ndalamayo. Koma mukapitiriza chonchi ndiuza a mlembi andibwezere ndilipire fizi ya mwana.

Mayi a Tadala: Loweruka lino atsikana ali ndi ulendo. Ine ndikwera nawo lole imeneyo, kaya mwagwirizana kaya ayi. Wina wondiperekeza?

Malume a ku Area 25: Thiransipoti yanu musatenge mu R5,000

Mlembi: Tsiku sitinagwirizanebe abale

Msungichuma: Malume tumizani kaye masonkhedwe anu a miyezi itatu